Mfuti imene palibe anaipeza m'chiuno mwanga

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ndine Fadweki, mwana wanu wokongola kuposa onse, ngakhale achemwali a Loveness amatsutsabe chifukwa cha nsanje.

Zabwino kaye. Achemwali anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Esinati. Akalira ku South Bend ine ndimamva ndili kutali kuno ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis. Mphuno watengera ine, mwayi wake. Kadimba kanu kuseri kwa nyumba yawo sikanafe. Mpiru uja munasunga mbewu yake m'kabotolo ka mankhwala wachuluka moti anthu a kutchalitchi amathawa akaona achemwali atanyamula jumbo. Maungu okha ndiwo akana. Mwina akudikira mwini wake.

Tsopano khalani pansi, pali chimene ndakubisirani.

Mu Juni anandibera pothira mafuta kuno ku Indianapolis, masana dzuwa likuswa mtengo, ndikuchokera kodeliva katundu. Anzanga ndimawauza kuti anali amuna asanu, awiri ndinawagwetsa. Inu sindingakunamizeni: anali munthu mmodzi, wowonda ngati bango, koma ali ndi mfuti. Ndinangokweza manja. Anatenga foni yokha. Amayi, m'foni muja munali mavoisi anu onse, aja munkandikalipira za mowa, ndi yomaliza ija ya kuchipatala, munangoti, "Wafika bwino?" Sindinawasevepo kwina kulikonse, ine wochenjerane. Tsiku limenelo munamwalira kachiwiri.

Kuyambira pamenepo munthu akangoyandikira galimoto, ndimathamangira kukhoma zitseko. Ndiye ndinapita kogula mfuti. Ndikudziwa, musakweze mawu. Anandifilitsa mafomu, anandichekinga mbiri yanga, ndinalowanso kalasi yophunzira kagwiridwe kake. Zipolopolo zanga zonse zinalowa pabowo limodzi, kupatula zija zinapita kumbali.

Ndinkafuna yaing'ono, yobisika pansi pa shati. Mkulu wa m'shopumo anandiyalira zambiri. Anthu ambiri akuti amakonda za pulasitiki, zopepuka, moti umatha kuiwala kuti wavala. Mawu oti kuiwalawo ndi amene anandiopsa. Ndinakumbukira tsiku lija ndinasiya thumba la mabuku m'minibasi ku Kawale, inu nkuti, "Katundu wolemera saiwalika, Fadi. Chopepuka ndicho chimakuchititsa manyazi." Ndinaloza yachitsulo chokhachokha, yokwana m'dzanja langa bwinobwino. Imalemera ngati simbi yanu ija ya makala. Powombera sidumpha kwambiri, kulemerako kumaigwira, ndipo kuti ilire koyamba chala chimayenera kukoka ndi mphamvu, singalire mwangozi munthu akunjenjemera ngati mmene ndinachitira ine pothira mafuta paja. Vuto lake imakoka thalauza, moti ndinagulanso lamba wouma ngati chikumba ndi kachikwama kake ka m'chiuno. Nditavala, mkulu uja anandizungulira kawiri nanena kuti palibe munthu angaione.

Ndinaseka, Amayi. Ndinamuuza kuti sakudziwa mayi anga.

Paja inu kukumbatira kwanu kunali kofufuza. Ndikamalowa pakhomo, manja anu ankayamba kumsana, kutsikira m'matumba, pakamwa mukufunsa za kusukulu. Munapeza shuga, munapeza kalata yachikondi ya Doreen, munapeza ndudu mu sokosi. Ngakhale tsiku lija munatsika ndege kudzakhala kwa achemwali, ine bambo wandevu zanga, munandikumbatira anthu akuona nkutulutsa machesi, nkuti, "Thumba la mwana ndi la amake." Apolisi a pabwalo la ndege anakomoka ndi nsanje.

Loweruka lapitali ndinapita ku South Bend kukaona mwana, nditavala mfuti ija. Ndinkati ndione ngati ikubisikadi. Nyumba inali yodzaza, azimayi a kutchalitchi mbwee. Onse anandikumbatira. Achemwali anandikumbatira. Alamu anandimenya paphewa. Palibe anamva kanthu. Ndinadutsa onsewo ngati mfumu, mumtima ndikuti ndasankha bwino, Fadweki sasankha zolakwika.

Kenaka achemwali anatambasula manja kundipatsa Esinati. Chitsulo chija chinandikanikiza m'nthiti, pamalo enieni pamene dzanja lanu linkayambira. Ndinati ndaiwala kanthu m'galimoto. Ndinatuluka, mfutiyo ndinaichotsa zipolopolo, ndinaitsekera m'kabokosi kake, ndipo ndinalira ngati ng'ombe, magalasi otseka. Sindinkalira mfuti ayi. Ndinkalira kuti ndadutsa nyumba yonse ndi chinthu chachikulu chotere, ndipo palibenso pa dziko lino amene amapisa m'matumba mwanga. Ndikanapereka galimoto ndi mphuno yomwe kuti mundigwire nayo, mundikoke khutu, mundinyoze pamaso pa azimayi onsewo.

Nditabwerera ndinati fumbi landilowa m'maso. Ndinanyamula mwana. Amayi, kadzanja kake kanalowa m'thumba la shati nkugwira cholembera, osasiya. Achemwali akuti makanda onse amatero. Asiyeni, sadziwa kanthu.

Ngati ndipitirize kuyenda nayo mfutiyi kapena ayi, sindinadziwebe. Mantha akadalipo, ndipo kulemera kwake kumandikumbutsa mphindi iliyonse, monga munanenera. Koma ndikulonjeza ziwiri. M'nyumba muli Esinati sidzalowamonso. Ndipo Lamlungu lino ndiwauza ndekha achemwali zonse, za wakuba mmodzi uja, za foni, za chitsulochi, popeza wondisecha kulibe, ndiyambe kudzitulutsira ndekha za m'thumba. Ndikawapemphanso anditumizire mavoisi anu amene ali nawo, ngakhale m'menemo mukundinena ine.

Ndimakukondani kuposa achemwali, zimenezo mukudziwa kale.

Ndafika bwino, Amayi.

Mwana wanu,
Fadi