Uthenga pa Foni ya Malemu NaBanda

Lachitatu, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse kuno ku Area 4. Akulemba ndi mwana wanga Tadala, koma mawuwa ndi anga.

Foni ya malemu mkazi wanga, NaBanda, ndimaitchajabe. Lero masana inalira. Tadala ataweruka kuntchito anandiwerengera uthengawo. Akuti akaunti ya ndalama ya amayi ake ili ndi ngongole, titumize nambala yachinsinsi lero lomwe, apo ayi alengeza dzina lawo.

Ndinati, "Achitire zimene akufunazo msanga. Amako asatchulidwe pagulu."

Iye anati, "Bambo, izi ndi mbava. Kampani yeniyeni sifunsa nambala yachinsinsi. Taonani, watumiza ndi munthu wa nambala wamba. Dzina la amayi sakulidziwa n'komwe, angoti okondedwa kasitomala."

Ndinakumbukira kuti pamaliro kumudzi achimwene awo anaimirira n'kufunsa kuti aliyense amene NaBanda anamukongola kanthu abwere poyera. Palibe anadzuka. Ndiye lero adzuke munthu wopanda nkhope, wapafoni?

Ndamuuza mwana wangayu afufute uthengawo. Tadala, lemba bwinobwino pamenepo: NaBanda anapita opanda ngongole.