Njira ya ng'ombe ija tikuitseka

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ndine Nasitaziya, mwana wanu wachisamba. Ndikuyankhula pang'onopang'ono kuti Esinati alembe bwino, paja ine sukulu ndinalekezera sitandade 2.

Adzukulu anu akula. Yamikani ali ndi golosale yake ku Kamwendo. Esinati ndi mphunzitsi, ndipo mwezi wathawu wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Tadala, uja munamusiya akukwawa n'kumadya dothi pakhonde, wamaliza maphunziro a zanthaka ku yunivesite. Dothi lomwe lija, Amayi! Chimanga takolola chokwanira, mtedza ndiye wachita kudzaza nkhokwe.

Koma ndili ndi choti ndiulule. Paja munkati, "Ng'ombe zisamatsikire kudambo kudzera kumanda, zizizungulira ku katondo." Ife tinkayesa mukungolemekeza akufa. Mutatisiya tinaona kuti kuzungulira n'kutali, ndipo amene ndinalola kuti zizidutsa pomwepo ndine. Njira ija inasanduka ngalande, ngalande n'kukhala chigwembe choti munthu akalowamo saoneka mutu. Dzinja lapitali chinatsala mapazi khumi kuti chifike pamene munagona. Tinkathiramo mapesi ndi miyala kumunsi kwake, madzi n'kumakokolola zonse.

Tadala atabwera anayenda busa lonse masiku anayi ndi chitsulo chobowolera pansi, n'kumafikisa dothi m'manja monga munkachitira inu. Anthu mpaka ankati mwana wa Nasitaziya akusaka golide. Kenako anajambula mapu: kofiira ndi katondo, kwakuda ndi makande a kudambo, koyera ndi mchenga. Anandionetsa kuti chakumanda mchengawo ndi wosaya, unangokhala pamwamba pa mwala. Ziboda zikapha udzu, madzi salowa pansi, amathamanga ndi dothi. Ku katondo nthaka ndi yakuya, imapirira.

Ndinati, "Iwe, zaka zinayi zonsezi wakaphunzira zimene agogo ako ankanena atakhala pamphasa?"

Iye anaseka. "Amama, agogo simunawamvere. Mwina pepalali mulimvera."

Ndinachita manyazi, komanso ndinanyada. Anandimasulira kuti chigwembe sachiyamba kumunsi, amachigwira kumtunda kumene madzi akuchokera. Eni ng'ombe onse ndinawaitana pakhomo pano, anawerama pamapupo nthawi yaitali, ndipo avomera kuti ziweto zibwerere ku katondo.

Tsono banja lonse tidzakumana kuno ku Mlonyeni Loweruka lachiwiri la Disembala, mvula itakhazikika. Ngakhale abale athu a ku Zambia akuti abwera ndi makasu awo. Tidzadzala udzu wa vetiva ndi nsungwi kumtunda kwa chigwembe, njira ija n'kuitseka ndi minga. Ndikukulonjezani, Amayi, ine ndili moyo chiboda sichidzapondanso pamenepo, ndipo madzi sadzakufikani. Gonani osadera nkhawa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nasitaziya