Buku la Amuna Anga Likufuna za Kutsimba

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Mitundu ndipo pabanja ndili pabwino, ndisaname. Amuna anga, a Efulemu, amaphunzitsa mbiri ya zisudzo ku yunivesite. Nthawi ya chipani chimodzi ankaphunzitsa maso ali kukhomo, koma chivotereni anenepa ndipo amaseka chikhakhali. Tchuthi chilichonse amabwera kumudzi ndi kawailesi kawo kojambulira mawu n'kumatopetsa nkhalamba ndi mafunso.

Tsopano akulemba buku loti likatuluka awakweze akhale pulofesa. Akuti zisudzo sizinabwere ndi azungu, zinayambira kutsimba, kumene anamkungwi amachita timasewero polangiza anamwali. Ine ndinavinidwa ku Nathenje kwa azakhali anga a Elube, namkungwi wodziwika, ndiye akufuna ndiwafotokozere zonse. Dzana anati, "Amake Zipora, ano ndi matipate, zobisa zinatha." Ndinangoseka. Ndimawanyadira ndipo ndikufunitsitsa akwere, koma ndinalumbira kuti zimenezi mwamuna sadzazimva kwa ine. Nditani?

L.C., Mitundu

Amayi L.C.,

Muli ndi mwayi, amuna anuwo akupempha, sakukakamiza. Komabe musawauze. Ufulu wolankhula tinauvotera, inde, koma wokhala chete sitinautaye. Zakutsimba si zanu nokha ayi, munangosungitsidwa.

Akanireni poyera lero lomwe, osati kumangoseka, chifukwa munthu wa mafunso akaona kuseka amayesa mwavomera. Kenako aperekezeni ku Nathenje. Atenge nkhuku ndi chitenje, akakhale pansi pamaso pa a Elube, kawailesi kali m'thumba. Eni ake ndiwo anene zoyenera kulembedwa. Nyimbo ndi magule a pabwalo tsiku lotulutsa anamwali amaonera aliyense, ndipo zokhazo n'zambiri. Pamene azakhali akane, amuna anuwo alembe kuti apa eni ake anakana. Zimenezo sizingawalande upulofesa, ndipo owerenga adzadziwa kuti wolembayo anafikadi pakhomo.

Mwina akwiya pang'ono. Asiyeni, mwamuna woseka chikhakhali sachedwa kuphwa mtima.

Koma chenjerani. Musadzinamize kuti buku la Chingerezi silifika kumudzi. Mwana wina wa ku Nathenje adzaliwerenga ku yunivesiteko n'kukawamasulira amayi ake. Tsiku limenelo a pulofesa adzakhala ali m'kalasi. Wokalowa m'nyumba ya siwa kukagwa maliro, kukakhala pakati pa amayi omwe munalumbira nawo, ndinu.