Njerwa za Sikelo

Amayi, kaya muli bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, tikudzuka.

Sabata yonseyi ndakhala ndikukumbukira tsiku lina la sikelo, mlongo wanga Aginesi akali wakhanda. Ine ndiyenera kuti ndinali sitandade thuu, ndipo munanditenga chifukwa aphunzitsi athu anali atapita kumaliro. Sikelo ankaimangirira pa nthambi ya mango aakulu aja, m'mbali mwa njira ya ku Kachebere, ana n'kumawapachika m'kakabudula kansalu, akulira mokweza. Mzere usanafike pa inu, mvula inayamba. Alangizi a zaumoyo anamasula sikelo yawo, kuimanga pa kaliyala, n'kupalasa. Azimayi onse anaunjikana patsinde, ndipo inu munalowetsa kabuku ka Aginesi m'malaya mwanga kuti kasanyowe. Pobwerera munkayenda mofulumira, mukulankhula nokha. "Mwana wa munthu kumuyezera panja ngati belo la fodya!" Titafika pakamlatho munawonjezera kuti, "Ndisanafe, pamenepaja pakhala denga." Ine ndinkangomva kabuku kakuzizira pamimba.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Aginesi yemweyo anachira mu Febuluwale, mwana wamkazi. Amalume anamutcha Tadala. Mphumi ndi yanu ndithu, ndipo akakwiya amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira wina akathira mchere wambiri m'ndiwo. Mtedza wachita bwino chaka chino, koma chimanga cha kumunda wa kumunsi chinagwidwa ndi mbozi, moti nkhokwe sinadzaze. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri. Amalume akupalasabe njinga kupita ndi tomato kuboda, ngakhale bondo likuwavuta. Ndikawauza kuti apume amati ndiwalembe ntchito ku ofesi kwathu yosesa. Denga la khitchini linadontha dzinja lonse, tifolera udzu ukauma. Ku mphakati akuti chichokereni inu nyimbo akumaziyamba pamwamba kwambiri, pofika pakati onse mawu atha.

Zonsezi ndalemba kuti ndichedwe kufika pa nkhani yeniyeni. Mumandidziwa. Munkati, "Iwe Dalitso, ukafuna kupempha mchere umayamba ndi kufunsa za nkhuku."

Uvuni wa njerwa za sikelo uja ukadali pomwe munausiya. Pamwamba pamera udzu, ndipo mbali ya kuvuma yayamba kugumuka ndi mvula. Nyumba ya sikelo sinamangidwe, Amayi, ndipo ndi njerwa zimenezo simangidwa.

Inu munkadziwa dongosolo lakale: mudzi uumbe njerwa, utute mchenga ndi miyala, kenako khonsolo ibweretse simenti, malata ndi amisiri. Midadada ya kusukulu inamangidwa choncho, ndiye munalibe chifukwa chokayikira. Chimene simunadziwe n'chakuti zinthu zinali zitasintha. Boma linaletsa kumangira nyumba zake njerwa zootcha, pofuna kupulumutsa mitengo. Tsopano pamafunika mabuloko a simenti. Ine ndinkadziwa. Kalata yokumbutsa za lamulo limeneli itafika ku ofesi, amene anaibowola n'kuiika m'failo ndine.

Mukukumbukira Loweruka lija ndinabwera ndi shuga ndi mankhwala anu a miyendo? Ndinapeza njerwa zitaumbidwa kale, anyamata akuzisanja pa uvuni. Inu munali ndi ndowa pamutu, mapazi atatupa mpaka patapata kulowa m'mnofu, koma mukuseka kuposa aliyense. Nkhuni zinali zitachepa, ndiye abambo anagwirizana zodula mango aja. Anali atakhala mumthunzi wake womwewo, akunola nkhwangwa. Anzanu aja aNaJere, apampando a komiti ya chitukuko, ndi okhawo amene anadodoma.

"Nanga ana tiziwayezera pati?" anafunsa.

"Kwa miyezi ingati?" munatero inu. "Mvula isanagwe tikhala tili m'nyumba. Suyu mwana wanga, amalemba za m'misonkhano ya khonsolo? Dalitso, tawauza amayi akowa asatichedwetse."

Onse anandiyang'ana. Ine ndinamwetulira n'kunena kuti, "Tiyesetsa."

Mawu amodzi okhawo. Ndiye nkhwangwa zinayamba. Mtengo utagwa ndinavula shati yanga ya ku ofesi, n'kuthandiza nawo kukoka nthambi.

Ndadzifunsa kambirimbiri chimene chinanditseka pakamwa. Masiku ena ndimadziuza kuti ndinakumverani chisoni, poti munali mutadwala kale. Masiku ena ndimati ndinkaganiza kuti pa kanyumba kakang'ono ngati kameneka akuluakulu adzangotsinzina. Koma ndikakhala phee ndimadziwa kuti ndinaopa kuona nkhope yanu ikugwa pamaso pa anzanu, komanso zinkandikomera kutchedwa mwana wa ku khonsolo. Sukulu yonse ija munandilipirira, inathera pamenepo. Ndikanalankhula tsiku limenelo, mukanataya thukuta la masabata angapo basi, pakuti njerwa yosaotcha ndi dothi chabe. Mukanandikalipira, mwina osandilankhula mpaka madzulo. Koma mtengo ukanakhalapo.

Munatisiya mvula yoyamba itangogwa, mukukhulupirirabe kuti malata ali pafupi. Kuchipatala munandifunsa kawiri, ndipo kawiri konse ndinati mapepala akuyenda.

Nkhani yathu inafika ku komiti ya zomangamanga miyezi iwiri yapitayo. Ndikuuzeni mmene misonkhano imeneyi imakhalira, chifukwa inu munkaiona ngati malo oopsa. Ndi chipinda wamba, matebulo olumikiza, fani yosazungulira, ndi timabotolo ta madzi. Tsikulo pamndandanda panali zimbudzi za pamsika wa kuboda, ngalande za padepoti, kusalaza msewu wa kwa Zulu, mijigo yofunika kukonza, ndi mkangano wa malo oimapo a kabaza. Wa a kabazawo unadya ola lathunthu, chifukwa khansala aliyense ali ndi m'bale wake wopalasa. Yathu inali yomaliza anthu asanakadye.

Akhansala a dera lathu anaimirira monyadira. "Apampando, anthu anga aja ndi olimbikira. Njerwa zilipo kale, zopsa bwino, mukaimenya imalira ngati belu."

Injiniya sanadzutse n'komwe mutu. "Zootcha? Ndiye sizitheka, akhansala. Abwerere akalembenso, aike za mabuloko."

"Nanga njerwa zonsezo atani nazo?"

"Amangire makola."

Ena anaseka. Musamuone ngati munthu woipa, Amayi. Ndi munthu wotopa, amene wanena mawu omwewo kwa midzi yambiri. Ndipo lamulolo si lolakwika ayi. Inu nomwe munkadandaula kuti nkhuni mukuzitsata kutali kuposa kale.

Kenako apampando anatembenukira kwa ine. "A Mbewe, inu si kwanu kumeneku? Anthuwa sanauzidwe?"

Ndinayang'ana pa laputopu. "Nthawi imeneyo sindinkapitako, bwana."

Anangogwedeza mutu n'kupitirira. Ndalama zimene zikanabwera kwathu anazipititsa ku ngalande za padepoti, ndipo sindingawanene, chifukwa kumenekonso anthu amawoloka madzi onunkha atanyamula ana. Ine ndinalemba mzere umodzi wokha: nkhani yabwezedwa kumudzi. Kulemba kwake sikunanditengere mphindi. Kenako tinalandira mpunga ndi nkhuku, ndipo ndinadya.

Kalata yodziwitsa mudzi inayenera kulembedwa ndi ine. Ili mu dilowa mpaka lero, yosasainitsa.

Tadala amakamuyezera pachitsa pomwe paja. Anazika timitengo titatu n'kutimanga pamwamba ngati mafuwa aatali, sikelo n'kulendewera pakati. Mthunzi palibe ngakhale wa nkhuku. Aginesi akuti mwezi watha mayi wina wa ku esiteti anakomoka pamzere, mwana ali kumbuyo, ndipo anzake ambiri a kumeneko asiya kubwera. Akuti sangayende mtunda wonsewo kudzaotchedwa ndi dzuwa. Ana awo akuwayeza ndani, katemera akulandira kuti, sindikudziwa. Ndimaopa kufunsa. Aginesi sakudziwa kanthu. Amangondiseka kuti, "Achimwene, kodi mapepala athu ku ofesi kwanuko anakulungira zitumbuwa?" Ndimaseka naye.

ANaJere ndiye amandiimbira mwezi uliwonse, pa foni ya mdzukulu wawo.

"Bwana Khonsolo, malata athu afika pati?"

"Ali m'njira, amayi."

"Njira yake yodzera ku Chipata?"

Amaseka, kenako amati ndisadandaule, akudziwa kuti za boma zimachedwa, bola tili ndi wathu mkatimo. Foni ikaduka ndimakhala nthawi ndikuiyang'ana.

Mwina ndikanapitiriza chonchi chaka china, sindikudzikhulupirira. Koma dzulo ndinabwera kumudzi kudzakambirana ndi amalume za chiliza chanu, poti tikufuna timange anthu akamaliza kukolola. M'mawa uno tikumwa tiyi pakhonde, aNaJere anafika ndi azimayi awiri a m'komiti. Anakhala pamphasa, kulonjerana kutatha anati, "Ife tabwera ndi mawu. Tagwirizana kuti njerwa za chiliza cha anzathu zichoke pa uvuni. Madzi ake anatunga okha, miyendo ikuwawa. Zotsalazo zikwanira nyumba ya sikelo, tinaumba zambiri dala."

Amalume anaomba m'manja, misozi ili m'maso. Ine ndinati, "Ndiganize kaye."

"Uganize chiyani?" anatero amalume. "Anthu akulemekeza mayi ako, iwe ukuti uganize? Imeneyi ndiye sukuluyo?"

ANaJere anawaletsa. "Asiyeni, ophunzira amayamba alemba. Tibweranso dzuwa likapendeka."

Ndiye ndalowa m'chipinda chanu, ndakhala pa kampando kanu kaja, ndikulemba. Sindikana kuti njerwazo ndi zanu. Palibe amene anaziyenera kuposa inu. Koma sindingalole kuti akugonekeni pansi pake akuganiza kuti akugawana nanu nyumba imene ikubwera. Akadziwa zoona n'kunenabe kuti tengani, ndidzalandira ndi manja awiri. Akanena kuti mwana wa NaBanda anationongetsa mtengo, asatengeko ngakhale chibenthu, ndidzamvanso.

Kuti musaganize kuti ndangobwera ndi misozi, ndafufuza pang'ono. Mchenga ndi miyala zija zikadali zovomerezeka. Njerwa atha kugulitsa kwa omanga nyumba zawo, apeze poyambira. Fomu yatsopano ndabwera nayo, ili m'chikwama. Iyenera kuyambiranso ku komiti ya dera, ndipo sindikudziwa ngati ingalowe m'bajeti ya chaka chamawa, chifukwa midzi yodikira ndi yambiri ndipo ine ndine wolemba chabe, sindivota. Kumeneko sindilonjeza kanthu. Lolemba ndikasainitsa kalata ili mu dilowa ija, ndipo ndikawauza apampando a ku khonsolo aja kuti tsiku lija ndinawanamiza. Zimenezo zikundiopsa, koma osati ngati za mawa.

Mawa tikatuluka m'tchalitchi komiti ikumana pa uvuni. Ndikudziwa kuti ndikaimirira mawu akandithawa, ndikayambanso kufunsa anthu za mvula ndi za mitengo ya soya mpaka nthawi kutha. N'chifukwa chake ndayamba ndi inu. Makalata anga onse a ku koleji ankakuwerengerani ndi aNaJere, inu mutakhala pambali mukuwauza kuti abwereze pamene pakukomerani. Iyinso ndiwapatsa iwowo. Akaiwerenga ndiye kuti ndilibenso kothawira. Mwina amenewanso ndi mantha omwe aja, kutuma pepala kuti linditsogolere. Kaya. Koma ndi pamene ndakwanitsa kufika.

Ndi awo afika. Ndikuwamva pabwalo akusewera ndi Tadala, ndipo afunsa kale Aginesi kuti, "Kodi Bwana Khonsolo akulemba chiyani chosatha, bajeti?" Ndiimire pano, ndipinde mapepalawa. Sindikupemphani kuti mundikhululukire lero, Amayi. Yambani mwamva kaye, monga munkachitira. Ndikulonjezani chinthu chimodzi chokha, chimene chili m'manja mwanga: mawa ndikaimirira pamaso pa onse, ndipo ndikanena ndi pakamwa panga kuti ndinkadziwa.

ANaJere aima pakhomo, atambasula kale dzanja.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dalitso