Ndowa ya Mchenga

Lachiwiri, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno tilipo, kungoti mtima wanga sunaphwe.

Paja ndinakuuzani kuti mkamwini, chitengereni shedi yathu, anandilanda makina owotcherera, ati manja anga ayamba kunjenjemera. Ine amene ndinamuphunzitsa kugwira chitsulo! Ntchito imene anandipatsa ndi yokhala pampando ndi ndowa ya mchenga ndi chozimitsira moto, kumayang'ana kumene mbaliwali za moto zikugwera. Asanayambe kudula zitsulo, ndizichotsa zitini za penti ndi nsanza za mafuta, ndizithira madzi pansi. Akamaliza, onse azipita, ine ndizitsala kudikira moto umene kulibe. Amisiri anzake amanditcha Agogo a Ndowa. N'chifukwa chake ndinakupemphani chipinda chanu chakuseri chija, kuti ndichoke kuno.

Tsono imvani za Loweruka. Anadula mapaipi a geti mpaka masana, onse n'kupita kukadya. Mkamwini anatembenuka ali pakhomo: "Bambo, musachoke msanga, moto wa chitsulo umabisala."

"Ndinayamba kuwotcherera inu musanamere mano," ndinamuyankha.

Ndinatsala, osati pomumvera ayi, koma mkwiyo unandithetsa njala. Ndili chikhalire ndinamva fungo, osati la chitsulo, koma la matabwa. Khoma la malata lotilekanitsa ndi kalipentala lili ndi kampata pansi, koti chala n'kulowa. Ndinagwada n'kusuzumira: utuchi wake ukunyeka mwakachetechete, kautsi kakukwera, mwiniwake atatseka n'kupita kumaliro. Achemwali, mawondo okana masitepe aja anathamanga. Ndinathyola loko wake, n'kukhuthulira mchenga wonse pamotopo, n'kuphimba ndi chiguduli chonyowa.

Mkamwini atabwera anangoyang'ana utuchi wakudawo, kenako matabwa ouma osanjikizana mpaka kudenga. Sananene kuti "ndinakuuzani". Akananena bwenzi zitandipepukira, ndikanapeza pokanganira. Anangoti, "Bambo, mpatawu titseke ndi chiyani?" Ndinati ndi chitsulo. Titasesa utuchi wonse n'kunyowetsa pansi, anandipatsa makina kuti ndiwotcherere ndekha. Mzere unatuluka wokhotakhota ngati mayendedwe a chidakwa, koma wagwira. Ndowa anagwira ndi iyeyo.

Musaganize kuti ndamukhululukira. Mpando uja ndi wouma, ndipo dzina lija sindilifuna. Kungoti dzulo ndinapeza wina atatapa mchenga m'ndowamo, ndipo ndinawakalipira onse, ndi mkamwini yemwe. Palibe anaseka.

Chipinda chija musachotsemo katundu wanu, alamu asavutike ndi kunyamula. Mundiperekere moni kwa iwo ndi kwa ana. Mwana wanga wamkazi akuti moni wambiri kwa azakhali ake, ndipo akuti ndikuuzeni kuti ndayambanso kumaliza chakudya m'mbale.

Ndine mlongo wanu,
Agogo a Ndowa