Mwana Wosabwerera ku Chipatala

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji?

Ndiyambe ndi funso, poti mukundidziwa kuti mawu sandikhalitsa m'kamwa. Anakhazikitsa ndani lamulo lakuti mwana akalandira mankhwala n'kusabweranso kuchipatala ndiye kuti wachira? Kuntchito kwathu aliyense amavomera zimenezi ngati pemphero la m'mawa. Ine zandikwana, ndipo ndikulakalaka mukanakhala pakhonde pano, mukusenda nandolo, mundiuze ngati mutu wanga ukuyenda bwino.

Koma ndisakuthamangitseni. Ku Zakazaka kuno tilipo. Abambo amakhalabe pampando wawo uja, mpando wanu sakulola munthu kuukhalira, ngakhale abusa atabwera kudzacheza. Nandolo wa kumunda wa ku Likangala wabereka bwino, chimanga chokha ndiye mbozi zinatilanda. Mpeyala wanu unagwetsera nthambi padenga la bafa, mpaka lero tikusamba tikuona mitambo. Amayi a Mvano amaimbabe nyimbo yanu ija, koma pokwera pamwamba paja onse amathawapo.

Achemwali anga, a Joyce, ali ndi mwana wamkazi, dzina lake Madalo. Chipumi ndi chanu chenicheni, ndipo akakwiya amakweza nsidze imodzi monga munkachitira tikabwera mochedwa. Ine digiri ija ndinamaliza. Tsiku lovala gauni panali nthungululu zambiri, ine khutu lili tcheru kufuna yanu. Pano ndikugwira ntchito pachipatala chaching'ono, mbali ya ana amene amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Mzere umayamba nkhungu isanachoke paphiri.

Nyengo yozizira yapitayi Madalo anayamba kutsokomola. Achemwali anabwera naye kwa ife, tinapereka mankhwala, sanabwerenso. Nditafunsa pafoni anangoti, "Ali bwinoko." Ine mtima pansi. Tsiku lina nditapita kukawaona ndinapeza mwana akupuma mobanika, pansi pa nthiti pakulowa m'kati. Apo m'pamene anandiuza zoona. Ataona kuti chifuwa sichikutha anapita kuchipatala china, kenako chinanso, ndipo konseko ankanena kuti mwana wayamba dzulo. Konseko anapatsidwa mankhwala omwe aja, ngati munthu wongoyamba kumene. Tinathamanga naye kuchipatala chachikulu, anagonekedwa, ndipo Mulungu ngwabwino, pano akukwawa n'kumagwetsa makapu.

Nditayamba kuwakalipira, achemwali anandidula. "Iwe Yankho, sukulu yakuiwalitsa? Amayi ankatani nafe?"

Amayi, ndinakumbukira mukundikoka padzanja, dengu la masitiroberi a kuphiri lili pamutu, tikudutsa chipatala cha pafupi kupita cha kutali. Panjira munkandiphunzitsa: "Akakufunsa unene kuti mutu wayamba lero. Kwa adokotala sabwerera ndi matenda omwewo, umawachititsa manyazi." Sindikukuimbani mlandu ayi. Munkalemekeza anthu, komanso munkaopa kufunsidwa pamaso pa anzanu ngati mankhwala munamwetsadi. Koma taonani, zipatala zitatu zinamuona Madalo, chilichonse n'kumuyesa wochira.

Chipatala chimodzi pachokha sichingaone zimenezi, chimangoona amene abwera pakhomo pake. Pakufunika kafukufuku wa zipatala zingapo pamodzi, kutsatira ana omwewo akabwerera kunyumba, kuti tidziwe amene achiradi, amene angosamukira pamzere wina, ndi amene sitidzawaonanso. Zimenezi zimafuna mafuta a njinga zamoto, mayunitsi, ndi malipiro a anthu oyenda m'makomo. Ndalama za kafukufuku zimakonda kumawodi, kumene mwana wagona pabedi ndipo savuta kumupeza. Ana athu obwera n'kupitawa amangodutsa ngati madzi a Likangala.

Ndiye bungwe lina linalengeza kuti lithandiza kafukufuku wa ana, bola zipatala zingapo zigwirizane ndipo mkulu wodziwika atsogolere. Ndinathamangira kwa a Namate, mkulu wathu wa pantchito, kukawauza ganizo langa loti tipemphe thandizolo. Anamvetsera bwinobwino, kenako anaseka. "Mwana wanga, inki ya digiri yako sinaume. Uyambe wanyamula zikwama za ena, nthawi yako idzafika." Idzafika liti, Amayi? Ana akutsokomola chaka chino. Munkandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, makamaka ndikaphula mbatata isanapse. Ndayesa kudekhako, koma kumandiwawa ngati nsapato yothina.

Tsiku limenelo ndinafika kunyumba n'kuima pakhomo la khitchini, ndikudikira kuti mutembenuke munene kuti, "Tafotokoza, wakulakwira ndani lero?" Munalibemo munthu. Zinthu zina abambo sindingawauze, amangoti tipemphere. Inu mukanayamba mwandiseka, kenako mukanandionetsa njira yolambalala.

Ndiye imvani zimene ndachita. Loweruka ndinakwera phiri wapansi, njira yanu ija ya ogulitsa mbatatesi, kukaonana ndi anamwino a kachipatala ka kumtunda. Nditangotchula za "wayamba dzulo" anaomba m'manja, ati nawonso amazimva tsiku ndi tsiku. Anavomera kulowa nawo m'kafukufukuyu. Zipatala zina ziwiri za kumunsi kuno zavomeranso. Lolemba ndinagogoda kwa a Namate, ndinagwada monga munandiphunzitsira, n'kuwauza kuti dzina lawo likhale patsogolo, langa kumapeto kwenikweni, bola pempho lipite. Anandiyang'ana n'kufunsa:

"Kodi iwe ndiwe mwana wa ndani?"

Ndinatchula dzina lanu lonse. Anapukusa mutu, n'kusaina. Pempho lija ndatumiza dzulo.

Sindikudziwa ngati atipatsa, opempha ndi ambiri ndipo ena ndi akuluakulu. Koma ndikulonjezeni ichi: ndalama zibwere, zisabwere, mayi aliyense wolowa m'chipinda changa ndizimupatsa kaye mpando, ndizimufunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, mwadutsa kale kuti ndi mwanayu?" Ndipo akandiuza, ndizimuthokoza.

Ndakusowani kwambiri, Amayi. Gonani bwino.

Ndine mwana wanu wosaugwira mtima uja, wokukondani,
Yankho