Mbewu ya M'munda wa Eni

Lachinayi, mwezi wa Meyi. Kunja kwayamba kuzizira, msana ukuwawa.

Lero timakolola chimanga cha Amayi Tembo, kuno ku Zambia komwe tabwera kudzagwira ganyu. Chathu ku Mlonyeni chinapsa ndi dzuwa. Posenda, manja anga amangopatula chimanga chonenepa n'kumachimanga chiwirichiwiri ndi makoko ake, monga ndimachitira kwathu posunga mbewu.

Amayi Tembo ataona kamuluko anafunsa, “Bambo, nanga ichi n'cha ndani?”

“Pepani mayi, n'chizolowezi. Ndinaiwala kuti munda si wanga.”

Sanakalipe. Anangoti, “Mwasankha bwino. Kachipachikeni kukhitchini kwanga.”

Ndachipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Chidzamera bwino ndithu, koma kuno. Kukhitchini kwathu chingwe chikulendewera chokha.